A Zuze ndi Ziwala Zawo za Nthenga

A Zuze, apongozi anga aamuna, anatisiya mwezi wathawu, mapira atayamba kucha m'minda. Anamwalira pamphasa pawo, m'nyumba mwawo, atamwa phala, mwana wawo Lazaro, yemwe ndi mwamuna wanga, atawagwira dzanja. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kwa zaka zingapo sindinkakhulupirira kuti adzapita motero. Pamaliro amayi ena ankandiyang'ana cham'mbali, kudabwa kuti mpongozi amene ankakhala nawo tsiku ndi tsiku sakudzigwetsa pansi. Ndinalira ndithu. Koma m'kati mwa kulirako mtima wanga unali utakhala pansi, koyamba chichokereni tsiku limene anthu anabwera pakhomo pathu njerwa zili m'manja.

Za njerwazo ndinena. Ndiyambe ndafotokoza munthuyo.

Anali aafupi, a mapewa otambalala monga amuna onse a kuno ku Makhanga amene anakulira m'bwato. Zala zokha n'zimene zinali ngati zobwereka: zazitali, zoonda, zosanjenjemera ngakhale atakalamba. Ndi zala zimenezo ankamanga tizilombo. Ankatenga mbedza, n'kuikulunga ulusi, n'kumangirirapo nthenga ndi ubweya, mpaka patuluke chiwala choti ukachiika pa udzu umadikira kuti chidumphe. Ankamanga atombolombo, nkhululu, ngumbi za mapiko anayi, ngakhale mbozi za m'chimanga. Iwo ankangoti nyambo. Anthu ankati ziwala za a Zuze.

Lusoli analitola ali mnyamata, pamene ankapalasa bwato la mzungu wina wogula thonje amene ankakonda kuwedza mcheni mu Shire. Mzunguyo sankakumba nyongolotsi, ankamangirira nthenga ku mbedza. A Zuze ankati nthenga za mzunguyo sizinkafanana ndi chilichonse chimene Mulungu analenga, ndipo mcheni unkaluma chifukwa cha ukali chabe, osati njala. Munthuyo pobwerera kwawo anawasiyira mbedza ndi kachitsulo kopanira mbedza pomanga. Kachitsuloko anakakhomera pachitsa pansi pa mtengo wa masawu umene uli pabwalo pathu, ndipo pamenepo m'pamene panali pantchito pawo. Ankakhalira chidutswa cha bwato lakale.

Pamene ine ndinkakwatiwa pakhomopo, n'kuti kuwedza atakusiya kalekale. Nyambo zambiri ankazichotsa nsonga ndi tupa, n'kuzibaya paphesi la gumbwa limene linkalendewera m'nyumba. Zinali zongoyang'ana. Woweruza ntchito yawo anali nkhuku. Akamaliza chiwala ankachiponya pabwalo n'kukhala chete. Thadzi likathamanga kudzachijompha, ankati “Pyadidi,” kutanthauza kuti zili bwino, pakuti akakondwa kapena akakwiya Chisena n'chimene chinkayamba kutuluka. Thadzi likangodutsa, ankamasula zonse, ngakhale ntchito imene yawatengera dzuwa lonse. Ankakonda kunena kuti munthu amakuyamikira poopa kukukhumudwitsa, koma nkhuku ilibe nawe chibale.

Ine ndinalowa m'ntchitoyi chifukwa cha mawondo awo. Nyamakazi itawagwira, sankathanso kufika kudambo. Poyamba ankatuma kudzera mwa Lazaro, pakuti munthu ndi mpongozi wake salankhulana ngati anzake. Lazaro ankandiuza kuti Ababa akuti ukamakakumba nyika ukaone ngati pali nthenga za kakowa. Nyika ndi timbatata ta m'madzi timene timakumba kudambo n'kumadya kuno. Koma Lazaro amagwira ntchito yodula nzimbe kutali, amabwera mwa apo ndi apo, ndipo nthenga sizidikira. Tsiku lina ndikusesa ndinangomva akutsokomola.

“Make Joze,” anatero, akuyang'ana kumbali. Joze ndi mwana wanga woyamba. “Nthenga mwabweretsa dzulozi n'zabwino, koma zonse n'za phiko lakumanja.”

Ndinagwada chapatali. “Kodi zimasiyana, Ababa?”

“Bwerani muone. Kumeneko simungaone.”

Ndinasendera. Anandionetsa kuti nthenga yakumanja imakhotera uku, yakumanzere uko, ndipo chiwala chokhala ndi mapiko a mbali imodzi ngakhale mwana angachiseke. Kuyambira tsiku limenelo mtunda wa upongozi unafupika, ngakhale kuti mpaka imfa yawo sananditchulepo dzina langa lenileni.

Ndinaphunzira kuyenda maso ali pansi. Nthenga za nkhanga ndinkazitola m'njira ya kumunda, za kakowa pansi pa mitengo imene mbalamezo zimagona, za tsekwe m'mphepete mwa madzi mame asanaume. Ndinkang'amba bango kuti ndichotse kachikopa kopyapyala ka m'kati mwake, komwe ankapangira mapiko a tombolombo. Ndinkafuna phula la njuchi lopakira ulusi, khonje, thonje lotsalira m'minda, khungu limene njoka yafundula. Ndinkaphika makungwa a m'bawa kuti ubweya ufiire, ndi chikasu kuti ufanane ndi mimba ya dzombe. Ubweya wa kumchira kwa mbuzi ndinkapempha m'makola a anthu. Lamulo lawo linali limodzi: mbalame isafe chifukwa cha nthenga. Ankati chimene mbalame yataya yokha ndi mphatso, koma chimene wachizula ndi mlandu.

Lamulo limeneli iwo eni analiphwanyapo kamodzi, pa tambala wa mayi Dorika, oyandikana nafe. Tambalayo anali ndi nthenga za m'khosi zonyezimira ngati mkuwa, ndipo a Zuze anamuyang'ana nyengo yonse ya dzinja osataya ngakhale imodzi. Tsiku lina anamukopa ndi mapira. Masana mayi Dorika anafika tambala ali m'khwapa, khosi lili ndi dazi.

“Madala, nkhuku yanga yakulakwirani chiyani?”

“Ndangobwereka, mayi. Zimera.”

“Mukabweza liti?”

Anakangana mpaka ana anasonkhana. A Zuze ankati tambala salira ndi nthenga, mayi Dorika ankati nanga bwanji osameta ndevu zanu n'kumangira zimenezo. Mawa lake ndinawapeza atametadi ndevu zina, akuyesa ngati zingakhale nyanga za nkhululu. Mayi Dorika atamva anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kuyambira pamenepo akapha nkhuku ankatumiza nthenga m'kapepala.

Mkangano umene sunathe unali wa iwo ndi anyamata owedza ndi maneti a udzudzu. Akawaona akudutsa ndi ndowa za tinsomba tosafika chala, ankawaitana n'kuwauza kuti akudya ndiwo za adzukulu awo. Anyamatawo ankayankha kuti nthenga sizidyedwa. Mawu amenewa ankawapweteka, ngakhale sankaonetsa. Ena mwa anyamata omwewa ndinadzawaona pabwalo pathu tsiku lija.

Chaka chawo chomaliza maso anachita ng'ala. Sanasiye. Ankamanga mongofufuza ndi zala, ulusi ali nawo pakamwa. Zimene zinkatuluka sizinalinso ngati zakale, ndipo nkhuku zinkangodutsa. Tsiku lina anandipatsa chiwala n'kundifunsa kuti chikuoneka bwanji. Ndinayang'ana nthawi yaitali.

“Miyendo yachuluka mbali imodzi, Ababa.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati pakhomo pano nkhuku zilipo ziwiri, ina ndi ine. Anamasula n'kuyambiranso.

Tsopano za njerwa zija.

Chinali chaka chimene madzi anasefukira n'kutidula kumsewu, moti kwa miyezi ulendo uliwonse unali wa pabwato. Madzi ataphwa anasiya nyumba zogwa, udzudzu ndi malungo. Ana ankadwala motsatizana. Pakati pa amene anamwalira panali Tereza, mwana wa Fombe, msodzi wa kutsidya kwa mjigo. Anali mtsikana wa pasukulu, wolongolola, amene akaweruka ankadutsira pamtengo wa masawu kudzaonerera a Zuze akumanga. Anatentha thupi, ndipo pamene ankapeza bwato lopita naye kuchipatala n'kuti nthawi itatha kale.

Amayi osambitsa maliro anapeza kanthu komangidwa pakansalu m'thumba la diresi lake. Atamasula anaona tombolombo wa nthenga, wa maso akuda. Nkhani inayenda pamaliro pomwepo. Wina anakumbukira kuti mpongozi wa a Zuze amapempha ubweya m'makola. Wina anati anandiona ndi khungu la njoka m'dengu. Wina anafunsa kuti nkhalamba imene anzake onse anapita ikukhalira chiyani, ana akutha. Zinthu zimene ndinkatola poyera kwa zaka zonsezo zinasanduka umboni.

Anthuwo anafika pakhomo pathu dzuwa lili pamutu, atangochoka kumanda. Lazaro anali kunzimbe. Ine ndinkapeta mapira pakhonde. Miyala kuno njosowa, ndiye anatola zidutswa za njerwa za nyumba zogwa. Patsogolo panali Fombe, maso ali psuu, kansalu kali m'manja. Kumbuyo kwake kunali mkazi wake, amayi awiri atamugwiriza. Ndinathamanga n'kuima pakhomo la nyumba ya Ababa. Sindikudziwa chimene ndinkaganiza kuti ndichita ndi lichero.

“Chokanipo, mayi. Tikufuna madalawo,” anatero mnyamata wina.

Ndinamva dzanja paphewa panga. Aka kanali koyamba ndi komaliza apongozi anga kundikhudza. Anandisuntha pang'ono n'kutuluka, akutsimphina ndi ndodo. Asanafike pamtengo, chidutswa cha njerwa chinawapeza pamwamba pa diso. Anadzandira koma sanagwe. Anakafika pachidutswa cha bwato chija n'kukhala, magazi akutsikira m'ndevu.

“Madala, mwana wanga munam'patsa chiyani?” anafunsa Fombe.

“Tombolombo. Anapempha yekha.”

“Mwavomera.”

“Ndavomera kuti ndinam'patsa. Khala pansi, Fombe. Ukafuna kundipha undipha, ndi mawondo awa sindingathawe. Koma uyambe waona zimene zili m'kati mwa chinthucho. Ukapeza mankhwala, njerwa yoyamba ikhale yako.”

Fombe sanakhale, koma anaponya kansaluko pachitsa. A Zuze anapanira tombolomboyo m'kachitsulo kawo n'kundiyang'ana.

“Make Joze, tandipatsani lumo.”

Ndinalowa m'nyumba. Nditatuluka ndi lumo anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono. A Zuze anadula mfundo ya kumutu n'kuyamba kumasula, pang'onopang'ono, chilichonse n'kumachiika pachikhatho cha dzanja kuti onse aone.

“Maso awa ndi njere za therere. Mayi Dorika, si za m'dimba mwanu izi?”

Mayi Dorika anali kumapeto kwa gululo, manja ali pamutu. Anayankha motsitsa kuti ndi zawo.

“Thupi ili ndi ubweya wa mbuzi yako yakuda, Fombe. Anadula yekha Tereza iwe uli kumadzi. Ndinam'kalipira kuti akanayamba wapempha. Ukapita kukhola ukaone mchira wake.”

A Zuze anapitiriza. Anachotsa phiko limodzi, lina, n'kunena kuti ndi kachikopa ka m'bango kamene ndinabweretsa ine. Atafika pa phiko lomaliza anaima.

“Ili ndi lopendekeka. Ine sindimanga phiko lopendekeka, aliyense pano akudziwa. Analimanga yekha Tereza. Ndinati timasule tiyambirenso, anakana. Anati tombolombo wakeyo akukhota.”

Pansi pa phikolo panali ulusi wabuluu, wosiyana ndi wawo. Anaumasula n'kuutambasula. Pamenepo make Tereza anadzichotsa m'manja mwa amayi aja n'kusendera. Anautenga ulusiwo, n'kuuyang'anitsitsa.

“Ndi wa yunifolomu yake,” anatero, mawu ali pansi. “Anasolola kumpendero. Ndinam'menya chifukwa cha mpendero umenewo, osandiuza kumene wapita nawo.”

M'kachitsulo munatsala mbedza yokha, yopanda nsonga. A Zuze anaichotsa n'kum'patsa Fombe.

“Nsonga ndinachotsa kuti ingamubaye. Zatha. Palibenso china.”

Ndinkamva mbuzi ikulira kutali. Fombe anaitembenuza mbedzayo, n'kuitembenuzanso, ngati akufuna china choti chikhalemo. Ndikhulupirira kuti ankafunadi kuti apezemo kanthu, pakuti malungo sungawagende ndi njerwa. Kenaka ananjuta pansi, n'kubisa nkhope m'mikono, mapewa akugwedezeka.

Mkazi wake anagwada pafupi ndi chitsa. “Ababa, bwezeraninso mmene analili.”

A Zuze anatenga mbedza ija n'kuyamba. Tsiku limenelo ndi lokhalo limene ndinaona zala zawo zikunjenjemera. Ulusi unkapulumuka, magazi ankatsikira m'diso, ine n'kumapukuta ndi nsonga ya chitenje. Anamanga thupi, maso, mapiko atatu owongoka. Lachinayi analimanga ndi ulusi wabuluu uja, n'kulisiya lopendekeka. Pamene ankamaliza, pabwalo panali patatsala anthu ochepa. Enawo anachoka mmodzimmodzi, aliyense n'kusiya njerwa yake pamene anaima. Make Tereza anakulunga tombolomboyo m'kansalu, n'kudzutsa mwamuna wake, n'kumapita.

Lazaro atamva anabwera mawa lake ali wolusa ndi mantha. Anafuna kutentha nthenga zonse, kuzula kachitsuloko, ndi kutenga bambo ake kupita nawo ku Chikwawa kwa mlongo wake. Anakangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. A Zuze ankati akatentha ndiye kuti avomera kuti zinali zimene anthu ankanena, ndipo akathawa ndiye kuti mwana wina akadzamwalira anthu adzatembenukira kwa nkhalamba ina. Pomaliza anangoti “Nkhabe,” kukana kwa Chisena kumene kulibe khomo lolowera. Lazaro anabwerera kuntchito osatsanzika.

A Zuze anapitiriza kumanga, poyera kuposa kale. Aliyense wodutsa ankamuitana kuti aone chimene chikulowa m'chiwalacho. Ena ankaima, ena ankalambalala bwalo lathu, ndipo panali amayi amene mpaka kumapeto sankalola ana awo kufika pamtengopo. Ine ndinapitiriza kutola nthenga, koma mtima sunalinso m'malo. Ndikamva kulira kwa maliro ndili kudambo, ndinkasiya khasu n'kuthamangira kunyumba. Ndinkawapeza ali pamalo pawo, ulusi uli pakamwa, n'kundifunsa kuti nyika zili kuti. Tinkamva za nkhalamba za m'midzi ina zimene sizinapeze mpata womasula chilichonse pamaso pa anthu. A Zuze sankazikamba zimenezi. Chipsera cha pamwamba pa diso ankati anagundidwa ndi nthambi.

Fombe sanapepese ndi pakamwa. Patapita miyezi, m'mawa wina tinapeza pachitsa mtolo wa nthenga za tsekwe, zomangidwa ndi chingwe cha ukonde, zakumanja pazokha, zakumanzere pazokha. A Zuze anazifufuza ndi zala n'kunena kuti munthu ameneyu anafunsa kwa wina. Anali atafunsa kwa ine, pamjigo, osandiyang'ana kumaso. Kuyambira pamenepo nthenga zinkabwera nyengo ndi nyengo, ndipo nthawi zina mlamba wouma pambali pake. Amuna awiriwa akakumana ankangopatsana moni n'kukamba za madzi.

A Zuze atamwalira, Fombe ndiye anayamba kufika ndi khasu. Anakumba manda ndi adzukulu anzake mpaka kumaliza, osalola wina kumulandira. Anthu anadzaza bwalo mpaka kumsewu, ndipo nyimbo zinali za Chisena ndi Chimang'anja mosinthana. Ndinkayang'ana manja a anthuwo, chizolowezi chimene ndinachitenga tsiku lija. Munali mabuku a nyimbo, nkhuni, mbale za ufa.

Kachitsulo kaja Lazaro anakazula n'kukasunga m'sutikesi mwake. Pachitsa patsala mabowo a misomali ndi madontho a phula amene dzuwa limasungunula masana n'kuumanso madzulo. Chidutswa cha bwato chikadali pomwepo, chosalala pamene ankakhalira, ndipo kutsogolo kwake dothi linakumbika timaenje tiwiri ta zidendene. Ndimasesa mozungulira. Masawu apsa tsopano, akugwa okha usana wonse, ndipo palibe wowadandaula kuti akumugwera pantchito. Ana a m'mudzi ayamba kubwera kudzatola, ngakhale a makomo amene kale ankalambalala. Amadzaza matumba a malaya, amakwera m'nthambi, amakangana, koma chidutswa cha bwatocho amachizungulira.

Dzulo kamtsikana kena, kamene sindikukadziwa n'komwe kuti n'ka kwa yani, kanaima patsogolo pake masawu ali m'kamwa, n'kundifunsa ngati pamaloledwa kukhala. Ndinakauza kuti kakhale. Kanakwera, miyendo ili lendelende osafika pansi, n'kumalavulira nthangala pabwalo. Ndinatenga dengu langa n'kupita kudambo, ndipo ndinakabwerako dzuwa litapendeka.